Amphaka asanu a pa chilumba cha Marion

Adzukulu anga, ife a kuno ku Ntcheu tidakula tikuona nkhwali ndi nkhanga m'munsi mwa phiri la Dzonzi. Mbalame zimenezi n'zochenjera chifukwa makolo awo adakulira pakati pa avumbwe, ankhandwe ndi agalu a alenje. Tsamba likangoti tswa, zabalalika kale. Koma kuli mbalame zina zomwe sizidaonepo mdani woyenda pansi, ndipo nkhani yake imandiwawa mtima.

Kum'mwera chakum'mawa kwa Cape Town, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 pakati pa nyanja yozizira, kuli chilumba cha Marion. Kalekale kudalibe munthu, kudalibe mphaka, ngakhale mbewa. Mbalame za m'nyanja zinkakumba mauna m'nthaka, iliyonse n'kuikira dzira limodzi lokha, n'kumagona mtima uli m'malo. M'zaka za m'ma 1800 alenje a nyama za m'nyanja adafika pa zombo, mbewa za m'nyumba zidatsika nawo.

Dziko la South Africa litatenga chilumbachi, lidamangapo malo oyezera nyengo. Mbewa zidavuta m'nyumba za ogwira ntchito, ndiye mu 1949 adabweretsa amphaka asanu. Asanu okha! Mphaka sapusa, adzukulu. Angavutikirenji ndi kambewa kothamanga pomwe mbalame yonona yangokhala mu una, yosadziwa n'kuthawa komwe? Amphaka adalowa m'tchire, adaswana, ndipo pofika 1977 adalipo pafupifupi 3,400, akupha mbalame zoposa 400,000 chaka chilichonse. Mtundu wina wa timbalame todumphira m'madzi udasiyiratu kuswana pamenepo.

Kuchotsa amphakawo idali nkhondo yaitali. Adawapatsira matenda, adawasaka usiku ndi mfuti ndi nyali, adatchera misampha, adaika poizoni, mpaka omaliza adatha mu 1991.

Mbewa zija zidatsala, ndipo zidachuluka. Kuno timakumba mbewa, kuziphika, kuzipana n'kugulitsa m'mbali mwa msewu wa M1. Koma ku Marion mbewa ndi zomwe zikudya mbalame. Kuyambira cha mu 2003 anthu akhala akuziona usiku zikukwera pa anapiye a albatross, chimbalame chomwe mapiko ake amaposa mamita atatu chikatambasula, n'kumawadya pamutu ali moyo. Mwanapiyeyo amangokhala phee m'chisa, poti sadziwa kuti chikumulumacho n'chiyani. Makolo ake amaikira dzira limodzi pa zaka ziwiri. Lero a boma la South Africa ndi bungwe la BirdLife South Africa akusonkhetsa ndalama zoti ahelikopita adzamwaze nyambo ya poizoni pachilumba chonsecho.