Kachitsulo ka pa mota ndi mbiri ya Kabwe

Tili atatu pa kashedi kathu ka ukalipentala kuno ku Makandanyama, ndipo chuma chathu chonse ndi sowo ya patebulo imene amalume anatisiyira. Chaka chatha mota yake inapsa. Mlandu unali wathu: utuchi unali utatseka njira za mphepo, ndipo tinali kuikakamiza kudula mukwa wosauma. Tinali ndi oda ya zitseko 12, theka la ndalama titadya kale. Pa kachitsulo ka manambala kamene kamakhomedwa pambali pa mota tinawerengapo chinthu chimodzi chabe, 2.2 kW. Tinathamangira m'tauni, tinapeza mota yogwirapo kale ntchito ya mphamvu yomweyo, tinalipira, n'kuibweretsa pa wilibala.

Sinalowe. Ziboo za mabauti sizinakumane ndi za patebulo, pule inakana kulowa pa shafiti, ndipo lamba anakhala wolendewera. Mdala wina wa pafupi, amene anagwirapo ntchito ya magetsi ku mgodi, anabwera kudzaona phokoso lathu. Anapukuta tizitsulo tonse tiwiri ndi chala. Pa mota yakupsa panalembedwa 90L, pa yatsopano 100L. "Ana inu," anatero, "mwagula mphamvu, mwaiwala thupi." Kuchokera tsiku limenelo tinayamba kufunsa kumene manambala amenewa anachokera, ndipo tinapeza kuti ndi nkhani ya tauni yathu yomwe.

Kabwe inabadwa ndi makina. Mu 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pano, ndipo malowa anawatcha Broken Hill, kutengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Mgodi unafuna magetsi ambiri, choncho kampani yake inamanga damu pa mtsinje wa Mulungushi, ndipo mu 1925 Prince of Wales anabwera kudzalitsegulira. Kuyambira pamenepo mamota anachuluka: opopa madzi pansi pa mgodi, opukusa mphepo, ogaya miyala, ndi oyendetsa makina a m'mawekishopu a mgodi ndi a njanji. Ambiri anachokera ku Britain, ndipo anali opimidwa m'mainchi. Agogo athu amene anaphunzira ntchito masiku amenewo ankadziwa 5/8 ndi 7/8 monga mmene ife timadziwira manambala a foni.

Masiku oyambirira, fakitale iliyonse inkapanga mota mmene yafunira. Ikapsa, unkafunika kudikira ina ya fakitale yomweyo, kapena kuboola ziboo zatsopano. Kwa mgodi umene uli kutali ndi nyanja, kumene pampu ikaima madzi amadzaza pansi, kudikira sitima kunali tsoka. Vuto lomweli linali m'mafakitale a dziko lonse, ndipo n'chifukwa chake opanga mamota anayamba kugwirizana za miyeso. Mu 1906, chaka chomwe njanji inafika kuno, ku London kunakhazikitsidwa bungwe la IEC loona za miyeso ya zamagetsi. Ku America opanga zamagetsi anapanga bungwe lawo la NEMA mu 1926. Mabungwe awiriwa ndiwo makolo a manambala amene timawaona pa tizitsulo lero.

Maganizo awo ndi amodzi. Nambala ya fulemu siinena mphamvu. Imanena kutalika kuchokera pansi pa mapazi a mota kufika pakati penipeni pa shafiti, ndipo ikadziwika imeneyo, zinanso zimadziwika: kunenepa kwa shafiti ndi kutalikirana kwa ziboo za mabauti. Chosiyana ndi chiyankhulo chimene aliyense amawerengera.

A IEC amawerenga m'mamilimita, mosabisa. Fulemu 90 ndiye kuti pakati pa shafiti pali mamilimita 90 kuchokera pansi, ndipo shafiti ndi ya mamilimita 24. Fulemu 80 ili ndi shafiti ya 19, pamene 100 ndi 112 zonse zili ndi ya 28. Chilembo cha kumapeto, S, M kapena L, chimanena utali wa thupi. Pa 90S ziboo zimatalikirana mamilimita 100 kutsogolo ndi kumbuyo, pa 90L ndi 125, koma m'mbali zonse ndi 140. Pa 100L ndi 140 ndi 160. Apa m'pamene tinagwera ife.

A ku America amawerenga m'mainchi, ndipo pamafunika kasamu pang'ono. Nambala ikakhala ya zilembo ziwiri, monga 56, umaigawa ndi 16, n'kupeza mainchi 3.5. Shafiti yake ndi 5/8 ya inchi. Ikakhala ya zilembo zitatu, monga 145T, umatenga ziwiri zoyamba, 14, n'kugawa ndi 4, n'kupezanso 3.5, koma shafiti ndi 7/8. Chilembo T chili ndi mbiri yake. Pamene zokutira mawaya zinayamba kupirira kutentha kwambiri, zinatheka kuika mphamvu yochuluka m'thupi laling'ono, choncho NEMA inasintha miyeso mu 1952, n'kuisinthanso mu 1964. Mamota a 1952 amatchedwa a U, a 1964 ndiwo a T. Fulemu 184 ya U ili ndi shafiti ya 7/8, koma 184T ili ndi ya inchi imodzi ndi 1/8. Nambala imodzi, pule ziwiri zosiyana.

Britain inalengeza mu 1965 kuti mafakitale ake asamukire ku mamilimita. Nthawi imeneyo Zambia inali itangolandira ufulu mu 1964, ndipo mu 1966 dzina la Broken Hill linachoka, tauni n'kukhala Kabwe. Ifenso tinasiya mainchi n'kutenga mamita. Koma lamulo silisintha chitsulo chimene chamangidwa kale pa simenti. Makina akale anapitiriza kuzungulira m'mainchi, atsopano anabwera m'mamilimita, ndipo amisiri a kuno anazolowera kusunga masipanala a mitundu iwiri m'bokosi limodzi.

Mgodi unatsekedwa mu 1994. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi Textiles, imene inamangidwa mothandizana ndi China, inaima mu 2007. Anthu ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo luso lawo linasamukira m'makomboni: Makululu, Kasanda, Chowa, Katondo ndi kuno kwathu. Amene anali kusamalira mapampu a mgodi anayamba kukonza zigayo ndi kukulunga mawaya atsopano m'mamota akupsa. Mamota akale nawonso anayenda m'manja ndi m'manja. Lero pa msika umodzi ungapeze ya ku Britain ya m'mainchi, ya ku South Africa, ya ku America imene inabwera ndi makina a munthu wina, ndi yatsopano ya ku China yolembedwa Y90L-2, imene imatsata miyeso ya IEC. Wogulitsa adzakuuza mahachi ake chabe. Zina zonse uyenera kudziwerengera wekha.

Msampha woipa kwambiri ndi wa miyeso yoyandikana. Mainchi 3.5 ndi mamilimita 88.9, pafupi kwambiri ndi 90, moti ndi maso sungasiyanitse 145T ndi 90L. Koma shafiti ya 7/8 ndi mamilimita 22.2, osati 24. Pule ya 24 ikaikidwa pamenepo imagwedera, ndipo ena amaithina ndi kachitsulo ka chitini. Pa chigayo zimenezo zimadya mabering'i. Pa sowo, pamene zala zili pafupi ndi mano a chitsulo, kugwedera kotero si nkhani yoseka.

Mota yathu ija inali ndi vuto linanso. Magetsi a Zambia ndi a 50 Hz. Pa magetsi amenewa mota ya mapolo awiri imazungulira pafupifupi ka 2,850 pa mphindi, ya mapolo anayi pafupifupi ka 1,450. Mphamvu ya 2.2 kW imakhala mu 90L ikakhala yothamanga, koma mu 100L ikakhala ya mapolo anayi. Tikanaikakamiza kulowa, sowo ikanazungulira theka la liwiro lake, n'kumatentha thabwa ndi kulikankhira kwa wodula. Mota ya ku America yolembedwa 3,450 nayonso siifika pamenepo kuno, chifukwa inapangidwira 60 Hz. Ndipo mamota ambiri ochokera m'mafakitale ndi a mafezi atatu, pamene nyumba zambiri za m'komboni zili ndi fezi imodzi ya mavoti 230.

Wogulitsa uja anavomera kusinthana nafe titawonjezera ndalama, ndipo zitseko zinachedwa milungu iwiri. Mwini oda anatidula mtengo wa chitseko chimodzi. Manje tikamapita kukagula mota timajambula kachitsulo konse pa foni, timanyamula tepi ndi pule yakale m'thumba, ndipo timafunsa zinthu zisanu: fulemu, shafiti, liwiro, mafezi, kenako mphamvu. Mdala uja amadutsa pashedi Loweruka lililonse. Sabata yatha anatiphunzitsa kuwerenga B3, chizindikiro cha mota yomangidwa ndi mapazi, ndi B5, ya mbale yakutsogolo, ndipo tinalemba zonse ndi choko pa khoma, pafupi ndi switchi.