Katemo, sowo ndi tcheniso: mbiri ya odula mitengo kwa Sandwe

Ife a m'tawuni mtengo timaukumbukira tsiku limene nthambi yake yaphwanya malata kapena yakola waya wa magetsi. Pamenepo ndiye timathamanga kufuna munthu wa chingwe ndi chikwanje kuti akwere akausadze. Ambiri timaiona ngati ntchito ya m'mayadi a ku Kabulonga, yobwera ndi azungu. Koma kudula mtengo popanda kuupha ndi luso lakale la kumudzi, ndipo amene akufuna kuona m'mene lasinthira ayang'ane kwa Mfumu Sandwe.

Dziko la Sandwe ndi la Ansenga. Kwa zaka zambiri linali mbali ya boma la Petauke, Lusangazi asanakhale boma palokha, ndipo limatsetserekera ku chigwa cha Luangwa mpaka kukagundana ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa. Kumtunda kuli miombo, kumunsi kotentha kuli mupani. Mitengo iwiri yonseyi ili ndi khalidwe limodzi limene makolo ankalidziwa bwino: ukaidula n'kusiya chitsa, imaphukanso. Njovu za m'chigwa zimachitira umboni chaka ndi chaka, chifukwa mupani umene zathyola sufa, umangotulutsa mphukira zambiri.

Chida choyamba chinali nkhwangwa, katemo mwa Chinsenga. Wosula ankaisula pachipala, mnzake akuvukuta mvukuto. Poyamba chitsulo chinkachokera m'ng'anjo, koma motoka zitachuluka osula anapeza kuti sipuling'i yakutha ya lole imatulutsa nkhwangwa yolimba, ndipo mpaka lero ndi imene amaifuna. Mpini sunali wa mtengo uliwonse. Munthu ankasankha mtengo wolimba wokhala ndi mutu wa mfundo kuti usang'ambike, n'kuboola mutuwo ndi chitsulo chamoto. Nzeru yake inali apa: chitsulo chomwecho ukachizula n'kuchitembenuza chopingasa, nkhwangwa yasanduka kasemasema. Ndi chida chimodzi munthu ankagwetsa mtengo, n'kusema mtondo, munsi kapena chitseko.

Nkhwangwa yotereyi ndi yopepuka, ndipo inkaika malire pa zimene munthu angatenge m'tchire. Wotema munda ankadula mtengo cha m'mawondo kapena m'chiuno, poti kuwerama tsiku lonse kumathyola msana, ndipo chitsa chinkatsala chamoyo. Munda ukaguga n'kuusiya tsala, zitsa zija zinkabwezeretsa nkhalango. Mtengo waukulu kwambiri ankaupewa, mwina kuusadza nthambi zokha kuti mthunzi usaphe mbewu, ndipo wa zipatso ngati msuku ankausiya dala pakati pa munda. Kumpoto, Abemba anafika patali ndi luso losadzali. M'buku lake la 1939, Audrey Richards anafotokoza m'mene anyamata ankakwerera mpaka kunsonga kukadula nthambi za chitemene, akupikisana kulimba mtima, thunthu n'kulisiya chilili. Tisanamizane kuti makolo sankapha mitengo. Wofuna mng'oma wa njuchi ankasenda khungwa lonse kuzungulira thunthu, ndipo mtengo wotero unkauma. Wina ankasonkha moto patsinde. Kungoti zonsezi zinkadya masiku.

Kugwetsa kunali ndi malamulo ake, omwe sanasinthe. Umayamba waona kumene mtengo wapendekera ndi kumene mphepo ikupita. Umatema kamwa mbali imene ukufuna kuti ugwere, kenako umazungulira kumbuyo n'kutema pamwamba pang'ono. Usanayambe, umalambula kothawira. Oopsa kwambiri ndi mtengo wogwa n'kutsamira pa unzake, chifukwa palibe adziwa nthawi imene utsike.

Nthawi ya atsamunda, mamishoni, masukulu ndi maofesi a boma anafuna zitseko, mabenchi ndi matebulo, ndipo sowo yaitali ya anthu awiri inalowa m'nkhalango. Apa ndi pamene kudula mitengo kunakhala ntchito yolipidwa. Ocheka ankakumba dzenje kapena kumanga thandala, n'kugubuduzira chipika pamwamba. Ankaviika chingwe m'makala osinja osakaniza ndi madzi, kuchikoka bwino, n'kuchimenyetsa pa chipika kuti chisiye mzere wowongoka. Mmodzi ankaima pamwamba kuwongolera sowo, mnzake pansi kukoka, utuchi wonse ukumugwera kumaso ndi m'khosi. Aliyense amene anachekapo adzakuuzani kuti wam'dzenje ndi amene ankaidziwa ntchitoyo. Masana ankakhala pansi ndi tupa kunola mano limodzilimodzi ndi kuwapinda, lina uku lina uko, kuti sowo isamakanirire. Mtengo umene ankaufuna kwambiri unali mlombwa, umene pamsika wa mapulanga timautcha mukwa. Chipika chimodzi chinkatha kuwasunga anthu awiri m'tchire masiku angapo, motero sankagwetsa mtengo wachabechabe.

Tcheniso inachotsa masiku amenewo. Ku Germany, Andreas Stihl anapanga yoyendera magetsi mu 1926 ndi ya petulo mu 1929, koma m'midzi ya kuno yafala posachedwa, zotchipa zitayamba kubwera. Wogwira tcheniso amasakaniza petulo ndi oilo, amanola tcheni ndi katupa kozungulira, ndipo ntchito ya sabata amaimaliza dzuwa lisanapendeke. Amacheka mapulanga pomwepo pamene mtengo wagwera, pamanja, ndipo popeza tcheni ndi yokhuthala kuposa sowo, gawo lalikulu la mtengo limathera mu utuchi. Nthawi zambiri makinawo si ake. Mwini ali m'tawuni, ndipo mnyamata amene akudula alibe chisoti, magalasi kapena nsapato zolimba. Za mukula tonse tinazimva: ogula a ku China ataukonda, unatha mofulumira moti mu 2019 unalembedwa pa mndandanda wa CITES wa zinthu zosagulitsidwa kunja popanda chilolezo chapadera.

Ife tili mkati mwa nkhaniyi kudzera pa mbaula. Amene anayendapo pa Great East Road amadziwa matumba a malasha ondandalikidwa m'mbali mwa msewu cha ku Nyimba, ndipo chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, tinawagula kuposa kale. Wowotcha malasha naye amasiya zitsa, ndipo zambiri zikanaphuka. Chimene chimazipha ndi uvuni woyakira pamwamba pake, moto wolusa wa mu Okutobala, ndi mbuzi zodya mphukira.

Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu, kugwirizana ndi mfumu, n'kupatsidwa mphamvu yoyang'anira nkhalango yawo. Gulu lotero ndi limene lingagamule mtengo woti ugwe, msinkhu wodulira, ndi mwezi wotentha tchire udzu usanaumitsitse, zomwe kale mkulu ankangomuuza mwana pomupatsa katemo.