Kutupa kwa Mabere ndi Kuuma kwa Mkaka Mayi Akasiya Kuyamwitsa

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa amayi, abambo ndi onse osamalira ana za vuto la kutupa kwa mabere lomwe limadza mayi akasiya kuyamwitsa. Nthawi zambiri vutoli limatha lokha pakapita masiku ochepa, koma likapanda kusamalidwa bwino limayambitsa matenda a bere ndi chithupsa chofunika kung'amba kuchipatala.

Nthawi yoyenera kusiyitsa mwana kuyamwa

Undunawu, mogwirizana ndi mabungwe a World Health Organization ndi UNICEF, umalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira, osampatsa madzi, phala kapena dawale. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe kulandira zakudya zina uku akuyamwabe mpaka atafika zaka 2 kapena kupitirira apo. Malangizo ali m'munsiwa ndi a mayi amene nthawi yosiyitsa yamukwanira, amene wauzidwa ndi achipatala kuti asiye, komanso amene mwana wake wamwalira.

Mayi sayenera kusiya kuyamwitsa chifukwa choti waima, wadwala malungo kapena chimfine, kapenanso wasiyana ndi mwana kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mkaka susasa m'bere. Mayi wageni amene anapita kukapikula katundu angathe kuyamwitsa akangofika pakhomo.

Chomwe chimatupitsa mabere

Thupi la mayi limapanga mkaka molingana ndi umene ukutuluka. Mwana akamayamwa, ubongo umatulutsa homoni yotchedwa prolactin imene imachititsa bere kupanga mkaka wina. Mkaka ukakhalitsa m'bere osachotsedwa, bere limachepetsa kupanga mpaka kusiyiratu. Kusinthaku kumatenga masiku angapo. Choncho mayi akasiya mwadzidzidzi, mkaka umapitirira kubwera pamene wakale sunatuluke, ndipo magazi ndi madzi a m'thupi zimachulukanso m'minofu ya bere. Mabere onse awiri amakula, amalimba, amanyezimira ndi kupweteka, ndipo ena amamva ululu mpaka m'khwapa.

Mfundo yaikulu yagona pamenepa: mkaka umauma chifukwa chosiyidwa m'bere. Kuufinya wonse kuli ngati kuuza thupi kuti mwana akuyamwabe. Kusaufinya n'komwe pamene bere lauma ngati mwala kumatseka njira za mkaka ndi kuyambitsa matenda. Njira yabwino ili pakati pa ziwirizi.

Kusiyitsa pang'onopang'ono

Njira yotetezera mayi ndi mwana yemwe ndiyo kusiyitsa pang'onopang'ono, kwa milungu ingapo. Mayi achotse nthawi imodzi yoyamwitsa pa tsiku, adikire masiku 3 kapena 4 kuti mabere azolowere, kenaka achotsenso ina. Ndi bwino kuyamba ndi kuyamwitsa kwa masana, pamene mwana amatanganidwa ndi masewera, n'kumalizira kwa usiku komwe ana ambiri amakukonda kwambiri.

Pamalo pa bere mwana alandire chakudya cha magulu 6: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, dzira, usipa wosinja, nthochi ndi papaya n'zopezeka m'makomo ambiri. Zakumwa azimwera m'kapu yotsuka bwino.

Kupaka tsabola kapena zinthu zowawa pa nsonga ya bere kumapsereza khungu la mayi ndi m'kamwa mwa mwana, ndipo pamene khungu lang'ambika m'pamene tizilombo timalowera. Kutumiza mwana kwa agogo ake tsiku limodzi kuti akaiwale bere kumamusowetsa mayi ndi chakudya nthawi imodzi. Ana ena amakana kudya n'kuyamba kunyentchera, pamene mayi naye watsala ndi mabere otupa.

Kuchepetsa ululu ndi kutupa

Bere likalimba kwambiri, sambani m'manja ndi sopo ndipo finyani mkaka pang'ono. Ikani chala chachikulu pamwamba ndi chala cholozera pansi, kumalire kwa khungu lakuda lozungulira nsonga ya bere. Kankhirani zalazo cha kuchifuwa, kenaka panikizani ndi kutaya mobwerezabwereza. Lekani mukangomva kupepukidwa, bere lisanaphwe. Tsiku lililonse finyani mochepera kusiyana ndi dzulo lake.

Ikani pa bere nsalu yoyera yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo pa tsiku. Amene ali ndi firiji akulunge ayezi m'nsalu, asamuike pakhungu mwachindunji. Amayi ena amapepukidwa akaika masamba a kabichi otsuka ndi ozizira m'kati mwa kamisolo, n'kuwachotsa akafota. Masambawa asaikidwe pakhungu lomwe lili ndi bala.

Musathowe mabere ndi madzi otentha kwa nthawi yaitali, pakuti kutentha kumawonjezera kutupa. Musawatikite mwamphamvu.

Valani kamisolo yogwira bwino koma yosathina, usana ndi usiku. Kumanga chifuwa zolimba ndi chitenje sikufulumizitsa kuuma kwa mkaka, koma kumawonjezera ululu ndi kutseka njira za mkaka.

Mankhwala a paracetamol, omwe ambiri amawadziwa kuti Panado, kapena ibuprofen, amachepetsa ululu akamwedwa motsata malangizo. Mayi woyembekezera ndi amene ali ndi zilonda za m'mimba asamwe ibuprofen asanafunse achipatala.

Idyani ndi kumwa madzi monga mwa masiku onse. Kudzimana madzi sikuumitsa mkaka, kumangofooketsa thupi, makamaka kwa amayi ogwira ntchito padzuwa kumunda ndi kumsika.

Ululu waukulu umachepa pakatha masiku ochepa, ndipo kwa amayi ambiri mabere amafewa pakatha mlungu umodzi kapena iwiri. Timadontho ta mkaka tingamaonekebe pofinya kwa miyezi ingapo. Awa si matenda, koma pewani kumafinyafinya pofuna kuona ngati mkaka watha.

Za mankhwala oumitsa mkaka

Amayi ambiri safunika mankhwala oumitsa mkaka. Alipo mankhwala monga cabergoline omwe dokotala angalembe pa zifukwa zapadera, makamaka mwana akamwalira pobadwa, atayamba wamuyeza mayi kuthamanga kwa magazi. Mankhwala a bromocriptine salimbikitsidwanso pa ntchitoyi chifukwa anapezeka kuti angathe kukweza kuthamanga kwa magazi, kukomola ndi kuyambitsa sitiroko. Musagule mapiritsi oumitsa mkaka pamsika, ndipo musateme mphini pa bere.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mbali ina ya bere yatentha, yafiira kapena yadera kusiyana ndi khungu lina ndipo ikupweteka kwambiri. Ngati thupi latentha kufika madigiri 38, mukunjenjemera ndi kuphwanya m'thupi. Kapena ngati bere likutulutsa mafinya kapena magazi. Izi ndi zizindikiro za matenda a bere otchedwa mastitis. Chifukwa chakuti amafanana ndi malungo, uzani achipatala kuti mwangosiya kuyamwitsa, kuti akuoneni bere pamodzi ndi kuyeza malungo. Mukapatsidwa mankhwala, malizani onse.

Chotupa chimene sichikutha pakapita milungu iwiri, ngakhale chisakupweteka, chikaonetsedwe kuchipatala kuti chiyezedwe ngati si khansa ya m'mabere.

Amayi amene ali ndi HIV

Mayi amene ali ndi HIV asasiye kuyamwitsa mwadzidzidzi. Asiye pang'onopang'ono kwa mwezi umodzi, pa nthawi yomwe wagwirizana ndi achipatala, uku akumwa ma ARV tsiku lililonse. Bere lotupa ndi matenda kapena long'ambika nsonga limachulukitsa chiopsezo chopatsira mwana kachilombo, choncho asayamwitse bere limenelo ndipo apite msanga kuchipatala. Akasiya kuyamwitsa apitirize kumwa mankhwala ake moyo wonse, ndipo mwana akayezedwenso magazi pa tsiku lomwe anauzidwa.

Mayi amene mwana wake wamwalira

Mkaka umabwera ndithu pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu chibadwire mwana, ngakhale mwanayo atamwalira. Azamba ndi achibale amuuziretu mayi zimenezi kuti zisamudzidzimutse pa nthawi yachisoni. Njira zochepetsera kutupa ndi zomwe zija. Mayiyu amafunika kupuma, kudya mokwanira ndi wina womukhala pafupi.

Kulera ndi udindo wa abambo

Kuyamwitsa kumateteza ku mimba pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha, ndipo mayi asanayambenso kusamba. Banja lisankhe njira yolera nthawi yosiyitsa isanafike. Abambo athandize kudyetsa ndi kugoneka mwana usiku, ndi kumupepukitsa mayi ntchito zolemetsa mpaka mabere ataphwa.

Malangizo ena mungawapeze kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kusikelo ya ana, kapena ku chipatala chilichonse chomwe muli nacho pafupi.