Chipewa cha Chilembwe ndi Nkhope Zopanda Maina

Pakhoma la nyumba ya agogo kwathu pali chithunzi chimene chinafiira kale ndi utsi. Pachithunzipo pali mnyamata wovala khaki ndi chipewa cha khonde cha asilikali a Keyala, waima njo, manja m'mbali, maso patsogolo. Amenewo ndi agogo aamuna asanapite kunkhondo ku Burma. Ife timawadziwa chifukwa agogo aakazi ankatilozera, koma kuseri kwa chithunzicho kulibe dzina, chaka, kapena mudzi. Tsiku limene womaliza wowadziwa adzatsikire kuli chete, mnyamatayo adzangosanduka msilikali wina wake.

Ophunzira mbiri timakonda makalata a Boma ndi malipoti a amishoni, zithunzi n'kumaziyesa zokometsera buku. Komatu chithunzi ndi mboni, ndipo mboni imafunsidwa mafunso. Funso loyamba ndi ili: kodi anasankha kuti munthuyu aime chonchi ndani, mwini nkhope kapena mwini kamera?

Tiyambe ndi munthu amene anadzisankhira yekha. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, naphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Masiku amenewo Mwafirika ankajambulidwa kawirikawiri ngati chitsanzo cha mtundu wake: uyu Myao, uyu Mngoni, dzina osalemba. Chilembwe sanalole zotero. Pachithunzi chodziwika cha banja lake ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo Emma, bambo atavala suti, mayi atavala diresi lalitali, onse odekha ngati eni khomo amene alandira mlendo. Ndipo zina mwa zithunzi za Chilembwe anajambula Mwafirika mnzake, Mungo Murray Chisuse wa ku Blantyre Mission, amene anaphunzira ntchito yosindikiza mabuku ku Scotland ndipo anali mmodzi mwa anthu akuda oyamba kugwira kamera m'dziko muno. Kutsogolo kwa kamera kunali wathu, kumbuyo kwakenso wathu.

Chithunzi china ndi cha mu 1914. Chilembwe waima kutchalitchi chake chatsopano cha njerwa pamodzi ndi mmishoni wachizungu, John Chorley, ndipo onse awiri avala zipewa. Kwa ife lero palibe chachilendo. Koma nthawi imeneyo munthu wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuvula chipewa, apo ayi ankakalipiridwa kapena kumenyedwa kumene. Nkhani ya chipewa inawawa anthu kotero kuti inatchulidwa ndi mboni pamaso pa bungwe limene linafufuza za kuukira kwa mu 1915. Tsono chipewa chili pamutu pa Chilembwe pachithunzicho ndi mawu, ngakhale pakamwa pali potseka.

Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, napha azungu atatu, mmodzi wa iwo William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Pa 3 February Chilembwe anawomberedwa cha ku Mulanje, naikidwa m'manda opanda chizindikiro. Tchalitchi chija Boma linachigumula. Chinatsala n'chiyani? Makalata ochepa, zokumbukira za okalamba, ndi zithunzi. George Shepperson ndi Thomas Price anazisindikiza m'buku lawo la Independent African mu 1958. Kuyambira mu 1997 nkhope yake inayamba kuoneka pa ndalama zathu zapepala. Mu 2022 Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College, anasandutsa chithunzi cha zipewa chija chosema chimene chinaimikidwa ku Trafalgar Square, pakati pa London, Chilembwe atamkulitsa kuposa Chorley. Atsamunda anabisa mtembo, koma nkhope inawapulumuka.

Tsopano tibwerere kwa asilikali. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu analitcha Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo Zomba inali likulu la mabataliyoni a m'dziko muno. Zithunzi zawo zilipo zambiri, koma taonani kakhalidwe kake: akuluakulu achizungu pamipando pakati, asilikali akuda m'mizere kumbuyo, ena chokhala pansi kutsogolo. Kawirikawiri mawu a m'munsi amatchula a pamipando okha. Apa chipewa msilikali wavala ndithu pamaso pa mzungu, koma n'cha Mfumu ya ku England, ndipo kaimidwe kake n'kolamulidwa. Nanga amtengatenga a pa Nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, amene anali pafupifupi 200,000? Iwo amangooneka chapatali, mzere wa mitu yosenza katundu. Amenewa ndiwo anthu amene Chilembwe ankawadandaulira m'kalata yake yopita ku Nyasaland Times mu November 1914, yotsutsa zoti amphawi akafere nkhondo imene sinali yawo.

Pakati pa mbusa ndi msilikali pali tonsefe. M'masutikesi a m'midzi muli zithunzi za amene anapita ku Joni ndi Wenela kapena ku Salisbury: jekete, wotchi padzanja, dzanja lina pa njinga kapena pa wailesi. Muli zaukwati, zaubatizo, za amayi a Mvano, ndi za magulu a malipenga amene anatenga perete wa Keyala namusandutsa gule. Apa anthu ankadzisankhira okha, nalipira ndalama zawo kuti kwawo akawaone monga iwo ankafunira.

Tisanyengeke, mboni imeneyi nayonso imabisa. Jekete la kumigodi mwina linali lobwereka, ndipo silionetsa fumbi limene linali m'mapapo. Suti ya Chilembwe sionetsa ngongole, mphumu ndi maso ofooka zimene zinkamusautsa m'zaka zake zomaliza. Chithunzi chimanena zimene munthu ankafuna kukhala; wophunzira mbiri azichiika pambali pa kalata ndi pa mawu a okalamba.

Ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala kuli zithunzi zosungidwa bwino. Zam'midzi zikudyedwa ndi chiswe ndi chinyontho. Tchuthi chikubwerachi, tsitsani chithunzi cha pakhoma, mukhale pamphasa ndi agogo, muwafunse kuti uyu ndani, mwana wa yani, anajambulitsa kuti, chaka chiti. Mayankhowo mulembe kuseri ndi pensulo, chifukwa inki imalowerera. Ine ndachedwa: agogo aakazi anapita ndisanawafunse ngati chithunzi chija chinajambulidwa ku Zomba kapena panjira.