Za Vinyo wa ku Sauternes ndi Nkhungu ya M'mawa

M'dziko la France, mailosi ngati 25 kucokera ku mudzi waukuru wa Bordeaux, kuli dera lochedwa Sauternes. Kumeneko anthu apanga vinyo woyera wozuna posanganiza mitundu ya mphesa, makamaka iwiri. Mtundu wina ndi Sémillon, wa khungu lopyapyala, umene upatsa vinyo kulemera ndi kuzuna. Unzace ndi Sauvignon Blanc, wowawasa ndi wonunkhira, umene uletsa vinyo kukhala ngati uci wokha.

Tiyambe taona nchito ya nyengo. Kamtsinje ka Ciron kayenda pansi pa mithunzi ya nkhalango, ndipo madzi ace ngozizira. Pamene kathira m'mtsinje wa Garonne, wa madzi ofunda, pauka nkhungu m'mamawa m'miyezi ya September ndi October. Nkhunguyo imeretsa cuku pa mphesa, cimene ophunzira acicha Botrytis. Dzuwa likawala masana, cukuco ciboola khungu, madzi nauma, ndipo mphesa ifota nitsala ndi shuga wambiri. Koma mvula ikacuruka, cuku comweco ciolotsa munda wonse.

Apa ndipo payambira nzeru ya mlimi. Mphesa sizifota tsiku limodzi. Cifukwa cace ochera apita m'munda kangapo, nasankha ndi manja zokhazo zofika. Pambuyo pace mwini alawa vinyo wa m'migolo, nayesa muyeso wa mtundu uliwonse monga umo caka cinakhalira. Pa munda wa Château d'Yquem anthu amati mpesa umodzi upatsa cikho cimodzi cokha ca vinyo.

Mbiri ya mundawo itiphunzitsa mtengo wace wa kusankhaku. Banja la Lur Saluces linaulandira mwa ukwati m'caka ca 1785. M'caka ca 1855, pamene Napoleon III anafuna kuti vinyo wa Bordeaux alembedwe m'magulu cifukwa ca cionetsero ca ku Paris, Yquem anaikidwa yekha pamwamba pa anzace onse a Sauternes. Dzina lotere lifuna kulisunga. Cotero pa zaka zoipa eni ace anakana kugulitsa vinyo m'dzina la mundawo: anatero mu 1910, 1915 ndi 1930, ndiponso mu 1964, 1972, 1974, 1992 ndi 2012.

Ife amene tidziwa khasu tilingalire cimeneci. Anchito analima, nadulira, nachera, nalandira malipiro ao. Koma pakulawa mwini anati vinyo sanafike, ndipo phindu la caka linacepa ndithu. Akadatsanulira vinyo wofookayo m'mabotolo a dzina lace, akadapeza ndalama caka cimeneco, koma wogula wonyengedwa sakadabweranso. Mtsinje ndi dzuwa sizimvera munthu. Cimene cili m'manja mwace ndico kusankha cosanganiza ndi cotaya, ndipo dzina la Yquem lakhala pa kusankha kumeneko kufikira lero.