Kalembedwe ka property m'ziyankhulo za kompyuta

Property ndi gawo la object limene limasunga mfundo imodzi yokhudza object imeneyo, monga dzina, mtengo kapena kutalika. Chiyankhulo chilichonse cholembera mapulogalamu chili ndi malamulo ake a momwe property imalembedwera. Mwachitsanzo, pulogalamu ingakhale ndi object yotchedwa sapitwa, yoimira nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje. Property yake ya kutalika ingasunge nambala 3002, omwe ndi mamita a nsongayo.

Njira zolembera

Njira yofala kwambiri ndi ya kadontho: sapitwa.kutalika. Kadonthoka kankagwiritsidwa kale ntchito mu Simula 67, chiyankhulo chimene Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anakonza ku Norway. Masiku ano kamapezeka mu Java, Python ndi C#. Chiyankhulo cha PHP chimagwiritsa ntchito kamuvi: $sapitwa->kutalika.

JavaScript, imene Brendan Eich anayambitsa mu 1995, imalolanso mabulaketi: sapitwa["kutalika"]. Njirayi imathandiza pamene dzina la property likudziwika pulogalamu itayamba kale kuyenda. Mu 2020 JavaScript inalandira chizindikiro cha ?. chimene chimateteza pulogalamu kuti isaime ngati object yofunidwayo palibe.

Kusunga kapena kuwerengera

Funso lalikulu kwa okonza chiyankhulo ndi lakuti: kodi nambala yosungidwa ndi nambala yochita kuwerengera zilembedwe mofanana? Mu Java zimasiyana. Yosungidwa imalembedwa sapitwa.kutalika, pomwe yowerengera imafuna method, monga sapitwa.getKutalika(). Wolemba akaganiza zosiya kusunga n'kuyamba kuwerengera, mizere yonse imene inkadalira kalembedwe kakale iyenera kukonzedwanso. N'chifukwa chake ambiri olemba Java amayambiratu ndi ma method a get ndi set.

Bertrand Meyer, amene anakonza chiyankhulo cha Eiffel, anafotokoza m'buku lake la mu 1988 kuti wogwiritsa ntchito object asamaone kusiyanaku. Python ndi C# zimalola zimenezi. Mu Python, @property imabisa method kuseri kwa dzina wamba, moti sapitwa.kutalika imagwirabe ntchito ngakhale nambalayo ikuchita kuwerengedwa kuchokera ku mafiti.

Kuipa kwa njirayi ndi kwakuti mzere wooneka wopepuka ungabise ntchito yaikulu, monga kufunsa database, ndipo wowerenga sangadziwe msanga chimene chikuchedwetsa pulogalamu.