Wolambula Njira: Mbiri ya Alessandro Maestri

M'dziko la Italy maseŵera amene anthu akonda koposa ndiwo mpira wa miyendo. Koma aliponso maseŵera ena ochedwa baseball, amene kwao kweni-kweni ndi ku America. M'maseŵera ameneŵa mbali iliyonse ikhala ndi anthu 9. Munthu mmodzi aponya kampira kolimba, ndipo mnzace wa mbali ina, ataima mtunda wa mapazi 60, ayesa kukamenya ndi cibonga. Woponyayo ndiye mzati wa gulu lace, pakuti dzanja lace likafooka anzace onse agwa naye.

Maseŵeraŵa anazika mizu m'Italy pa nthawi ya Nkhondo Yaciŵiri ya Dziko Lonse. Asilikari a ku America anatsika m'zombo pafupi ndi Anzio ndi Nettuno m'caka ca 1944, ndipo anyamata a kumeneko, poona alendowo alikuseŵera, anayamba kuwatsanza. Pofika 1948 Ataliyana anali ndi mpikisano wao-wao. Komabe zaka zambiri zinapita, ndipo panalibe woponya wobadwira ndi kuphunzira m'Italy amene anafika ku Major League, ndiwo mpikisano waukulu wa ku America.

Alessandro Maestri anabadwa pa 1 June 1985 mu mzinda wa Cesena. Anayamba kuponya ali mwana m'dera la Rimini, m'mphepete mwa nyanja, ndipo atasinkhuka anakaphunzira pa sukulu ya baseball ku Tirrenia. M'caka ca 2006 gulu la Chicago Cubs linamlemba nchito. Imeneyi inali nkhani yaikulu kwao, cifukwa kale Ataliyana ofika pamwamba ku America anali aja amene anasamuka ndi makolo ao akali ana, monga Marino Pieretti, wobadwira ku Lucca, amene anaponyera Washington Senators mu 1945.

Tsono tiyenera kudziŵa kuti kulembedwa ndi gulu lalikulu sikutanthauza kuseŵera m'gulumo. Mnyamata ayamba pansi, m'timagulu tating'ono, nakwera makwerero limodzi-limodzi, ndipo ambiri atsalira panjira. Maestri anaponya ku Boise, ku Peoria ndi ku Daytona, nafika ku Tennessee, pamene panatsala makwerero aŵiri okha. Pomwepo ulendo unaima. M'caka ca 2011 a Cubs anamuuza kuti nchito yatha.

Wina akadabwerera kwao napacika nsapato zace, ndipo palibe akadamdzudzula. Iye sanatero. Anakaponyera gulu loima palokha la Lincoln Saltdogs ku Nebraska, kenaka anaoloka nyanja kunka ku Brisbane m'dziko la Australia. Mu 2012 anafika ku Japan, naloŵa gulu laling'ono la Kagawa Olive Guyners pa cisumbu ca Shikoku, kumene malipiro anali ocepa ndi cinenero cinali cacilendo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Isanathe miyezi yambiri, gulu lalikulu la Orix Buffaloes la ku Osaka linaona luso lace ndi kumtenga. Motero khomo limene linatsekeka ku America linatseguka ku Japan, kumene baseball ndi maseŵera a mtundu wonse, ndipo Maestri anakhala woyamba mwa ophunzira m'Italy kuseŵera mu mpikisano waukulu wa dzikolo. Anakhala ndi Orix kufikira 2015, ndipo mu 2016 anaponyera Hanwha Eagles ku South Korea kwa miyezi yoŵerengeka.

M'maulendo onseŵa sanaiŵale kwao. Anabvala malaya a dziko lace mu World Baseball Classic mu 2006, 2009, 2013 ndi 2017. Mu 2013 Italy inagonjetsa Mexico ndi Canada, maiko odziŵa baseball kuposa iyo, niloŵa m'cigawo caciŵiri ca mpikisanowo.

Cimene anacifuna poyamba, ndico kuponya mu Major League, Maestri sanacipeze. Anacipeza mnyamata wina, Samuel Aldegheri wa ku Verona, wobadwa mu 2001, amene anaponyera Los Angeles Angels pa 30 August 2024. Iyeyu ndiye woponya woyamba wobadwira ndi kukulira m'Italy kufika pamenepo. Pamene Maestri analembedwa ndi a Cubs, Aldegheri anali kamwana ka zaka zinai.

Kodi tinene kuti Maestri analephera? Iai. Wolambula njira kaŵiri-kaŵiri safika kumene ikatha njirayo, koma obwera m'mbuyo ayenda msanga cifukwa ca khasu lace. Inu amene mwatsiriza sukulu, ndipo kalata yanu yoyamba yofunsira nchito yabwera ndi yankho lokana, kumbukirani munthu uyu. Anacotsedwa nchito ali ndi zaka 25, ndipo zaka zace zabwino koposa zinali zikali patsogolo, m'dziko limene sanaliyembekeze.